Idyani Kaye, Amayi

Ankati popeza ndine namwino, imfa ndinaizolowera. Amalume ndiwo ananena zimenezi titakhala pakhonde, anthu a pamaliro atabalalika, ndipo onse anavomereza ndi mitu kuti nkhani yathera pomwepo. Ndinafuna kuwafunsa ngati wogwira ntchito kuchigayo amaleka kuyetsemula, koma amalume sayankhidwa choncho, makamaka maso awo ali ofiira. Ndinangoti chabwino.

Amene tinamuika m'manda sabata imeneyo anali mng'ono wanga, mwana wa amayi aang'ono. Malungo anamulowa m'mutu, ndipo pamene ankamutengera kuchipatala chachikulu n'kuti atasiya kale kuzindikira anthu. Mayi ake sanalipo. Anali ku Doha, kumene ankagwira ntchito ya m'nyumba kwa banja lina ku Al Markhiya, ntchito imene inamuphunzitsa mwanayo mpaka kukoleji ya uphunzitsi. Mwana wawo anali yekhayo. Iwo anali ndi bipi, ankagona okha m'kachipinda ka kuseri kwa khitchini, ndipo akuluakulu anagwirizana kuti uthenga wotere sungapite pa foni kwa munthu amene alibe womugwira akagwa. Anangowauza kuti mwana wadwalako, wagonekedwa, ndipo adokotala aletsa mafoni m'wodi. Bodza la mtundu umenewu kwathu sitilitcha bodza.

Ine ndinali ndi ulendo wa ku India wokonzedwa kalekale, wa maphunziro a kuntchito, ndipo ndege yanga inkasinthira ku Doha komweko. Amayi aang'ono ankadziwa kuti ndidzadutsa. Anali atapempha kale ofu ya Lachisanu kuti tidzaonane. Choncho katundu anagwera ine.

"Ukawauze pamaso," anatero amalume. "Koma usakangofika n'kulavula ngati uli kuwodi kwanu. Adye kaye. Wamva? Adye, akhute, asambe m'manja, ndiye uyambe."

Zimenezo sindinkafunika kuphunzitsidwa. Kwathu ku Mitundu munthu sauzidwa za maliro ali ndi njala, chifukwa akangomva, chakudya sichilowanso. Wamthenga amafika, amalandira mpando, amaseka pamene pali poseka, n'kumadikira kuti mbale zichoke. Ndinaziwonapo kambirimbiri ndili mwana, ndipo anthu amenewo ndinkadana nawo chifukwa cha nkhope zawo zosalala. Tsiku lometa, poti ndinali wa pa ulendo, lumo linangondidutsa kamalo kochepa kuseri kwa khutu, ndipo ndinamanga mpango kumutu kuti pasaoneke.

M'sutikesi ndinanyamulanso kaphukusi ka mfutso wa khwanya. Mng'ono wanga anali ataufutsa yekha atamva za ulendo wanga, n'kuukulunga m'jumbo, n'kumanga ndi kansalu kong'amba pa chitenje chakale. Anali mtsikana wa manja olimba. Chilichonse chimene wamanga iye, womasula ankatukwana. Kaphukusiko tinakapeza kali pamsomali m'khitchini mwake. Pabwalo la ndege ndinkaopa kuti andilanda, koma kunena zoona mbali ina ya mtima wanga inkafuna kuti atero.

Ndinatera ku Doha m'mawa, ndinakasiya katundu m'kahotela ka ku Al Mirqab, ndipo posamba ndinayesa mawu anga pagalasi. Amayi, kunyumba sikuli bwino. Amayi, mwana uja watisiya. Kuwodi mawu amenewa ndimawanena kwa anthu amene sindikuwadziwa, ndikatero ndimapita kukapereka mankhwala pa bedi lotsatira. Pagalasi paja onse ankamveka ngati obwereka.

Kunja kunkatentha mwa mtundu umene sindinauonepo. Kunalibe mphepo, kunalibe mbalame, ndipo m'misewu ya ku Al Markhiya munalibe woyenda pansi ngakhale mmodzi: mipanda italiitali yamtundu wa mchenga, mageti otseka, magalimoto ophimba nsalu. Ndinauza wa takisi kuti mwina tasochera, kuno sikukhala anthu. Anaseka n'kuloza kageti kakang'ono ka pambali, ndipo kanatseguka ndisanatuluke n'komwe m'galimoto. Amayi aang'ono anali ataima kuseri kwake, sindidziwa kuyambira nthawi yanji.

Anali atanenepako, atavala diresi lobiriwira la kutchalitchi, chikwama chachikulu chakuda chili pamkono. Ndinagwada pa simenti yotenthayo. Anandidzutsa n'kundikumbatira, ndipo anandigwira nthawi yaitali kuposa mmene amayi a kwathu amagwirira munthu. Kenaka anandikankhira patali kuti andione bwino.

"Iwe, kodi kuchipatalako mumadya chakudya cha odwala? Wadzaza chitseko. Yala, monga amanenera akuno, tiye, tingapse pano. Madamu andipatsa mpaka dzuwa kulowa basi."

"Tikupita kuti, amayi?"

"Ukaona. Lero wodyetsa mnzake ndine. Malo amenewo ndakhala ndikupitako ndi ana a Madamu zaka zonsezi, kunyamula mabagi, kupukuta pakamwa, koma baga yake, banzi lija la nyama pakati, sindinailawepo. Lero ndikakhala patebulo ngati kasitomala."

Ndinapumako. Ndinaganiza kuti ntchito yanga yaphweka, popeza za chakudya azikonza okha. M'takisi ankandilozera nyumba zimene zamera iwo ali konkuno, ine n'kumati eya, eya, kaphukusi ka mfutso kakundiwotcha pamiyendo m'kati mwa chikwama changa.

Malowo anali ku West Bay, m'munsi mwa imodzi mwa nyumba zagalasi zija zoti ukayang'ana pamwamba pake khosi limawawa. Tinatsika masitepe oyenda okha, tinadutsa masitolo owala, n'kufika pakhomo lopangidwa ngati la siteshoni ya sitima yakale, belu lamkuwa lili pamwamba. Titalowa, dzuwa lonse linatsala kunja. Munalibe zenera. Nyali zinali zachikasu, zofooka ngati za parafini, ndipo eyakoni inaziziritsa thukuta la kumsana kwanga mpaka ndinanjenjemera. Munkanunkhira nyama yowotcha, koma pansi pa fungo limenelo panali lina, la kabati imene yakhala nthawi yaitali osatsegulidwa.

Pafupi ndi khomo panali bambo achikulire atakhala pabenchi, atavala suti ndi chipewa, akuwerenga nyuzipepala. Ine, mwana woleredwa bwino, ndinawerama, ndinagwira mkono wamanja ndi dzanja lamanzere, n'kuwapatsa moni m'Chingerezi. Sanayankhe. Ndinabwereza mokweza, poganiza kuti makutu anatha. Ndi pamene ndinaona kuti maso awo ndi agalasi, ndi kuti pa chala chogwira nyuzipepala penti inasupuka, m'kati mukuoneka zoyera.

Amayi aang'ono anaseka mpaka kugwira khoma. "Nanenso tsiku loyamba ndinawagwadira agogo amenewa! Madamu mpaka anandijambula pa foni. Usachite manyazi, ndiwe Mmalawi."

Zinali zidole, zazikulu ngati anthu enieni, ndipo zinali paliponse. Eni malowo anafuna kuti ukamadya baga uzimva kuti wabwerera m'nthawi zakale, ndiye anasonkhanitsa zakale za dziko lonse mosasankha. Pakona ina asilikali a nkhondo yakalekale anazungulira wayilesi. Pena panali amuna a kuno osaka ngale pansi pa nyanja, zopanira zili pamphuno, zingwe zili m'chiuno. Panalinso namwino wa kachipewa koyera atanyamula beseni lopanda kanthu, amene amayi aang'ono anandilozera n'kuti mnzako uyo, mpatse moni nayenso. Zidole zina anazikhazika pa matebulo odyera, pakati pa makasitomala, moti poyenda unkayenera kuyang'anitsitsa kuti udziwe amene akupuma ndi amene sakupuma. Mayi wina wovala zakuda amene ndinamuyesa chidole anatukula dzanja mwadzidzidzi n'kuluma tchipisi, ine n'kudumpha.

M'makoma monse munali zithunzi zakuda ndi zoyera, zothinana mpaka kudenga: maukwati, ana a sukulu, amuna a ndevu ataima pambali pa ngamila, atsikana pa njinga. Panalibe dzina pansi pa chithunzi chilichonse. Pakati pa zithunzizo panali mawotchi ambirimbiri, onse oima, ndipo panalibe awiri ogwirizana nthawi.

"Anthu onsewa ndi abale a eni ake?" ndinafunsa.

"Abale a ndani? Madamu amati amagula pamsika wa zakale kunja uko, katoni yonse. Eni nkhope anamwalira, ana anataya." Anadutsa osayang'ana m'mbali. "Bwera, malo anga ndi uku."

Malo awowo anali kumapeto, pakona yokonzedwa ngati podikirira sitima. Tebulo linali la anthu anayi, koma pampando umodzi panali patakhala kale chidole cha mtsikana. Chinavala jasi lotuwa ndi kachipewa, magolovesi m'manja, kasutikesi pamiyendo, nkhope itayang'ana zenera lojambula pakhoma pomwe njanji inkapita kutali. Khungu lake poyamba liyenera kuti linali loyera, koma utsi wa nyama wa zaka zambiri unalidetsa mpaka linayandikira lathu. Zimenezo sindinazikonde ngakhale pang'ono.

"Tikhale pena, amayi. Matebulo opanda anthu ndi ambiri."

"Iyayi. Ndikabwera ndi ana, iwo amakhala apo ndi mayi awo, ine ndimakhala pano ndi uyu." Anatulutsa tishu n'kupukuta fumbi paphewa pa chidolecho, n'kukonza kolala. "Mu Doha monse muno, uyu yekha ndiye amamvera Chichewa changa osatopa. Ndimamuuza zonse. Msinkhu wake ndi wa mng'ono wako, waona? Taona mapewawo."

Ndinaona. Ndinakhala pansi. Kuti manja apeze chochita, ndinatulutsa kaphukusi ka mfutso n'kukapereka ndi manja awiri. Amayi aang'ono anakalandira, anayang'ana mfundo ya kansalu kaja nthawi yaitali, n'kukanunkhiza. Ndinadikira funso. Sanafunse amene wamanga. Anakaika pamwamba pa kasutikesi ka chidole chija n'kuti, "Tandisungira, mwanawe."

Patebulo lililonse panali lamya yakuda yakale, ya chingwe chopotana, ndipo kuitanitsa chakudya kunali kuitukula n'kulankhula ndi munthu wosaoneka. Menyu anaisindikiza ngati nyuzipepala ya makedzana, ndipo baga iliyonse inali ndi dzina la nkhondo, la mfumu, kapena la sitima yapamadzi imene inamira. Ndinafunsa kuti kodi munthu wanzeru zake angalakelake kudya sitima yomira? Amayi aang'ono anasankha yaikulu kuposa zonse, ya nyama ziwiri, n'kuoda okha m'Chingerezi chosakaniza ndi Chiarabu. Mawu amene anawayankha ankamveka akutali, okandakanda ngati a wayilesi imene mabatire akutha.

Atatero anapinda manja patebulo. "Eya, malonje. Kumudzi."

Malonje ndinali nditawakonza m'ndege, ndipo ndinali nditakonzanso mmene ndidzazembere munthu mmodzi. Sizinafunike. Amayi aang'ono ndiwo ankatsogolera. Anafunsa za amayi anga, mkulu wawo, ndi bondo lawo lija. Anafunsa za amalume, ngati anasiya kumwa. Anafunsa za chimanga, za mtengo wa mango umene nthambi zake zinkakhudza denga, za nyumba imene ankamangitsa, ngati mmisiri anaika mafelemu. Anafunsa za abusa, za mayi wogulitsa zitumbuwa pasiteji, za galu wa aneba amene anali wokalamba kale pamene iwo ankachoka. Ndikayankha, ankati, "Alihamudulila... a-a, pepa, zikomo Ambuye. Pakamwa panga panasokonekera kuno." Tinazungulira mudzi wonse, khomo ndi khomo. Khomo limodzi lokha analidumpha, ndipo linali lawo lomwe. Mayi amene mwana wake mmodzi yekhayo wagonekedwa m'chipatala sanafunse kuti akupeza bwanji.

Apa ndi pamene mantha enieni anandigwira, oposa a zidole aja. Ndinayang'ana nkhope yawo, ndipo inali yosalala kuposa yanga.

Lamya ya patebulo inalira.

Kulira kwake kunali kwa belu lenileni lachitsulo, ndipo kunandilowa m'mano. Amayi aang'ono anaitola isanalire kachiwiri, mwachangu chimene sindinawaonepo nacho, ndipo mawu amene anatuluka anali a kwathu: "Halo? Mwanawe?" Kenaka anamvetsera. Kukandakanda kuja ndinkakumva kuchokera pamene ndinakhala. Anaibwezera pansi pang'onopang'ono, ndi manja awiri.

"Akuti chakudya chikubwera," anatero. "Masiku ano foni iliyonse ikalira ndimathamanga. Dzulo ndinayankha ya Madamu."

Wobweretsa chakudya anali bambo wamtali wowonda, wovala yunifomu ya wa positi wakale, kapusi kumutu, chikwama chachikopa chili paphewa. Mabaga ankawatulutsa m'chikwamamo, okulunga m'pepala ngati maphukusi, n'kuwerama powapereka. Ndinamuyang'ana akuchoka n'kumusirira, chifukwa iye katundu wake anali atatula.

"Idyani, amayi, isanazizire."

"Ndidya."

Anapemphera kaye, pemphero lalitali la monong'ona. Atamaliza anatenga mpeni ndi foloko, zimene munthu wa kwathu sachita ndi banzi. Anadula baga ija pakati, theka n'kulidulanso, n'kumadulabe mpaka mbale yonse inadzaza tizidutswa ngati akukonzera mwana woyamba kumene kudya. Anatenga kamodzi, anatafuna, anaika foloko pansi. Anayamba kundifotokozera za ana a Madamu, kuti wamng'onoyo sagona popanda iwo. Anatenga kena. Anandiuza za mayi wina wa ku Mzimba wogwira ntchito mu hotela ya pafupi pomwepo, amene amakumana naye mwa apo ndi apo. Tchipisi ankadya kamodzikamodzi, kalikonse akukaviika mu tomato sosi mbali zonse ziwiri.

Ine yanga ndinaimeza ngati wakuba, kukoma kwake sindikukumbukira n'komwe. Ndine munthu wosaleza mtima, kuwodi amandidziwa, ndipo ndinayamba kukwiya: ndi amalume, ndi mwambo, ndi eyakoni, ndi maso onse aja a m'makoma amene ankandiyang'ana kuchokera mbali zonse. Aliyense wa anthu amenewo linamufikira tsiku limene wina anatumidwa kukauza mayi ake kapena mkazi wake, ndipo lero nkhope zawo zinali zokongoletsera podyera mabaga. Ndinkafuna kungokuwa, ndithane nazo. M'malo mwake ndinkangomva pakamwa panga pakubwereza zomwezo.

"Idyani kaye, amayi."

"Ukuthamangira kuti? Ndege yako ndi ya mawa."

"Yazizira."

"Mafi mushikila, palibe vuto. Zozizira ndimadya tsiku lililonse."

Tili choncho nyali zinayamba kufooka. Belu la pakhomo lija linalira, kwinakwake kunamveka sitima ikubwera, ndipo utsi woyera unayamba kutuluka pansi pa mipando n'kumakwawa m'mapazi mwathu. Ana a pa matebulo ena anakuwa mokondwa. Asilikali aja anayamba kugwedeza mitu, agogo a pakhomo anatsitsa nyuzipepala. Chidole cha patebulo pathu chinalira m'khosi ngati chitseko chopanda mafuta, ndipo mutu wake unayamba kutembenuka kuchoka pa zenera lija, pang'onopang'ono, mpaka unayang'anizana ndi amayi aang'ono.

"Usaope," anatero iwo. "Amatero nthawi ndi nthawi. Sitima ikadutsa amabwerera."

Sitima inadutsa, phokoso lake linapita kutali. Nyali zinabwerera, utsi unatha, agogo anakweza nyuzipepala yawo. Mtsikana wathu sanabwerere. M'khosi mwake munamveka kuti tcha, tcha, tcha, kenaka zii, ndipo anangotsala choncho, maso agalasi ali pa amayi aang'ono, mfutso uli pamiyendo. Ndikudziwa kuti kanali kamakina kotha. Ndinadziuza zimenezo nthawi yomweyo, ndipo ndimadziuzabe. Wa positi uja anabwera n'kupepesa, nati chimavutavuta, n'kutambasula manja kuti aubweze mutuwo. Amayi aang'ono anamugwira mkono.

"Halasi, basi, msiye choncho," anatero, theka kwa iye, theka kwa ine. "Andiyang'ane."

Tsitsi langa linati nyaunyau pansi pa mpango.

Wa positi atapita ndinaona kuti m'mbale mwatsala kachidutswa kamodzi, kosaposa chala chachikulu. Amayi aang'ono anakakankhira pakati pa mbale n'kuika foloko pambali. Kenaka anatambasula dzanja kudutsa tebulo, analowetsa chala pansi pa mpango wanga, n'kundigwira kuseri kwa khutu, pamene lumo linadutsa paja. Ndinkaganiza kuti ndabisa bwino. Chala chawo chinali chozizira.

"Ndiye mwameta kale," anatero motsitsa.

Ndinatsegula pakamwa.

"Usayankhe. Sindinamalize kudya." Anabweza dzanja lawo. "Ukukumbuka tsiku limene ndinabwera kudzakutenga kusukulu yogonera konko, uli kamtsikana ka Fomu Wanu? Ndinati bambo ako akufuna kukuona. Padepoti ndinakugulira banzi ndi chakumwa. Unkafunsa mafunso, ine n'kumangoti idya kaye, idya kaye. Iwe unadya mwachangu, poti sunkadziwa kanthu. Unapemphanso lina." Anamwetulira. "Lero mawu amenewo ukuwanena ngati ine ndendende."

Ndinkakumbuka. Tsiku limenelo tinakafika kumudzi bambo atamwalira kale. Mpaka lero banzi la padepoti sindidya. Misozi inayamba kutsika, ine amene ankati imfa ndinaizolowera, ndipo ndinachita manyazi kuti wotumidwa ndi amene wayamba.

"Iyayi, pukuta. Nthawi yake sinakwane." Anandipatsa tishu. "Tamvera, mwana wa mkulu wanga. Pamene kachidutswa aka kali m'mbale, mwana wanga ali kuchipatala, adokotala aletsa mafoni. Ndi zimene ndinauzidwa, ndipo palibe wandiuza zina. Ndisiye ndikhale naye pang'ono. Ofu yanga sinathe."

Tinakhala. Sindidziwa kuti nthawi yaitali bwanji, chifukwa mawotchi onse m'menemo anali akufa ndipo foni yanga sindinayerekeze kuitulutsa. Makasitomala anasinthana, malamya analira pa matebulo ena. Amayi aang'ono anatembenuza mpando kuyang'ana chidole chija n'kuyamba kulankhula, osati kwa ine. Anafotokoza za nsalu za makatani zimene anagula kale, zimene zili pansi pa bedi kudikira kuti nyumba ithe. Anakalipa za khalidwe losagona m'neti kukatentha. Anati mfutso auona, zikomo, koma mfundoyo bwanji, kodi anthu azimasula ndi mano? Anaseka pang'ono. Anafunsa ngati ana a sukulu akumumvera, n'kudikira ngati akumva yankho. Ankalankhula mmene mayi amalankhulira ndi mwana amene adzamuone pa Khirisimasi. Ine ndinangokhala, manja ali pamiyendo, ndipo mwana wina wodutsa anaima n'kundiyang'anitsitsa kuti aone ngati ndikuphethira.

Wa positi anabwera kudzachotsa mbale. Ndinamuletsa ndi maso. Anayang'ana kachidutswa kaja, anayang'ana ife, anavula kapusi n'kubwerera cham'mbuyo. Sanabwerenso, ndipo patebulo loyandikana nafe sanakhazikeponso munthu.

Mapeto ake amayi aang'ono anati, "Chabwino, mwanawe. Dzuwa liyenera kuti lapendeka." Anatola kachidutswa kaja ndi zala, anakatafuna bwinobwino, n'kumwera madzi. Madzi otsala anathira m'manja pamwamba pa mbale, monga timachitira kwathu, n'kupukuta. Anatenga mfutso pamiyendo ya chidole chija. Kenaka anatsegula chikwama chachikulu chakuda chija, chimene sichinachoke pambali pawo tsiku lonse, n'kutulutsamo chitenje ndi duku. Anaimirira, anamanga chitenje pamwamba pa diresi lobiriwira, anamanga duku, anavula nsapato n'kuzilowetsa pansi pa mpando. Atatero anakhala pansi, pa matailosi ozizirawo, miyendo atatambasula, msana atatsamira mpando wa mtsikana uja, mfutso uli pachifuwa.

Ndinatsika n'kukhala pambali pawo, n'kuwagwira mapewa, poti ndi chimene ananditumira. Ndili pafupi choncho ndinaona mizere ya simbi pa chitenjecho, yowongoka, yakuthwa. Anachisita m'mawa, ine ndisanafike pageti.

"Ndadya," anatero. "Nena."